Sabata imodzi ku Cape Town, kusaka nyumba ya anthu atatu

Lamlungu, 9 Malichi 2025, m'basi

Tanyamuka pa Park Station dzuwa litapendeka. Mkazi wanga wandiperekeza mpaka pachipata, kamtsikana kathu kakulimbana ndi chikwama chimene sikangachinyamule n'komwe. Kandipatsa malamulo awiri: nyumbayo ikhale ndi bafa lalikulu loloweramo thupi lonse, ndiponso nyanja izioneka pawindo. Ka zaka 7, za lendi sikazidziwa.

Ndayamba dala ndi mawu oti mkazi wanga. Tinamanga ukwati wathu ku Home Affairs ku Johannesburg zaka zitatu zapitazo, mwa lamulo la Civil Union Act la 2006, lolola akazi okhaokha ngati ife kapena amuna okhaokha kukwatirana, koma mpaka lero mawuwa ndikamawanena m'Chichewa amandiima pakhosi. Kwathu ku Zomba amadziwa kuti ndimakhala ndi mnzanga wina namwino, timathandizana lendi. Basi.

Iyeyo wapeza ntchito pachipatala china ku Cape Town, akayamba mu Juni. Sangajombe sabata yathunthu, ndiye watuma ine, telala wodzilemba ndekha, amene bwana wanga ndi makina osokera. Tikiti ndagula R780. Mtunda ndi makilomita pafupifupi 1,400 pa msewu wa N1. Pa Bloemfontein, kwawo kwa apongozi, tadutsa usiku ndili m'tulo ta nkhuku. Bambo amene ndakhala naye mpando wandigawira mazira owiritsa awiri, kenako wagonera phewa langa mpaka Colesberg.

Lolemba, 10 Malichi, Salt River

Kwacha tili ku Karoo, dziko la miyala ndi nkhosa. Pa Beaufort West ndagula tiyi wozizira ndi buledi wouma. Titapitirira Worcester basi yalowa pansi pa phiri, mu Huguenot Tunnel, makilomita pafupifupi anayi a mdima, potulukira n'kuona minda ya mphesa ya ku Paarl. Miyendo yatupa ngati mitondo.

Chipinda ndapeza ku Salt River, kwa mayi wina wachisilamu amene aliyense mumsewumu amamutchula Anti. R350 pa usiku. Ndi mwezi wa Ramadani, ndiye cha m'ma 7 koloko madzulo anagogoda pachitseko kuti ndibwere ku boeka, momwe amatchulira chakudya chomasulira kusala kuno. Supu, masamusa, ndi timandasi ta ufa wa nyemba totchedwa dhaltjies. Anandifunsa chimene ndabwerera. Ndinati kudzasaka nyumba ya banja langa. Sanafunse zambiri, nanenso sindinawonjezere.

Mphepo ya kuno ndi ina. Usiku wonse malata akulira ngati pali munthu padenga.

Lachiwiri, 11 Malichi, De Waterkant ndi Sea Point

Aliyense amene tinamufunsa ku Joni ankati yambirani ku De Waterkant, ndiko kwanu. Ndapitadi. Pa Somerset Road pali powolokera msewu popakidwa mitundu ya utawaleza, anapapaka mu 2022, ndipo mbendera zotsalira pa chikondwerero cha anthu ngati ife chotchedwa Pride cha kumayambiriro kwa mwezi uno zikadali m'makhonde. Ndaona amuna awiri atagwirana manja, akudikira maloboti, popanda wowacheukira. Ndinaima kaye. Sindinama, misozi inalengeza.

Koma nditakwera timisewu ta miyala tija ndinayamba kuwerenga zina. Mabala, malo odyera, nyumba zogona alendo. Khofi R45. Chingwe choyanikapo yunifomu ya mwana sindinachione ngakhale chimodzi. Malo ano ndi abwino Loweruka usiku, koma ife tikufuna pokhala Lachiwiri m'mawa, mwana akusowa sokosi imodzi.

Ku Sea Point ndinali ndi nthawi yokaona fulati ya zipinda ziwiri. Mlonda wa pachipata, munthu wakuda ngati ine, anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kundilozera khomo lakumbuyo, kumene amalowera ogwira ntchito za m'nyumba. Nditamuuza kuti ndabwera kudzaona fulati anapepesa kwambiri, mpaka manyazi anagwira ine. Ejenti anali mnyamata waulemu. Nditati tidzakhalamo ine, mkazi wanga ndi mwana wathu, nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono. Inasintha nditatulutsa pasipoti ya ku Malawi. Pamenepo mafunso anachuluka: chilolezo chokhalira m'dziko chitha liti, ndalama zimalowa bwanji poti sindili pantchito yolembedwa, mapepala a kubanki a miyezi itatu. Lendi R24,000, dipoziti ya miyezi iwiri.

Ndatuluka ndikuseka ndekha. Ndinakonzekera kukanidwa pa chifukwa chimodzi, ndinaiwala kuti ndili nazo zitatu.

Paki ya Green Point yokha ndiyo yandikoka mtima. Ana mbwee pa katungwe. Ndakhalapo ola lathunthu ndikudya tchipisi, mbalame za kunyanja zikundilondalonda.

Lachitatu, 12 Malichi, Observatory

Kuchoka pa Salt River ndi siteshoni imodzi yokha, ndiye ndangoyenda wapansi. Anthu amangoti Obs. Nyumba zakale zogundizana makoma, timisewu topapatiza, ana a sukulu za ukachenjede paliponse, zitsulo m'mawindo onse. Pa Lower Main Road pali chilichonse, kuyambira ogulitsa mabuku akale mpaka ometa tsitsi a ku Congo. Bungwe la Triangle Project, limodzi mwa mabungwe akale kwambiri othandiza anthu ngati ife m'dziko muno, lili konkuno. Nambala yawo ndaisunga m'foni.

Nyumba imene ndaona ndi R14,500. Zipinda ziwiri, kakhonde kakumbuyo kokwana makina anga. Koma khoma la chipinda cha mwana lili ndi nkhungu yakuda pakona, chikhalirecho mvula ya kuno imayamba cha mu Meyi kapena Juni, nthawi yomwe ife tizidzalowa. Mwini wake akuti adzapaka penti. Nkhungu sithawa penti, ameneyo akanamize wina.

Ndiye ndapeza njira yanga yoyezera dera. Ndimafunsa kumene kuli bwalo losewerera ana, ndimapitako cha m'ma 4 koloko, n'kukhala phee kuona amene akukankha katungwe. Lero zandipindulira. Panali amayi awiri, wina mzungu wina wachikaladi, ndi kamnyamata kamodzi kamene kankawaitana onse awiri mosiyanitsa mayina. Ndinalimba mtima n'kuwapatsa moni. Tinacheza mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri la Devil's Peak.

Wamkuluyo anandiuza mawu amene ndawalemba kuseri kwa tikiti ya basi. Akuti ndisavutike kufunsa ngati dera limatilandira, chifukwa aliyense adzati inde. Ndikafunse kusukulu ngati mwana wathu adzakhale woyamba wa amayi awiri. Woyamba ndiye amaphunzitsa aphunzitsi, ndipo imeneyo si ntchito ya mwana wa zaka 7. Anawonjeza kuti ndikaone zimene amachita pa tsiku la abambo, ngati amakakamiza mwana aliyense kujambula khadi.

Anandichenjezanso za malo. Ku Western Cape kulembetsa ana kumachitika pa intaneti miyezi ino ya kumayambiriro kwa chaka, pokonzekera Januwale wotsatira, ndipo sukulu zotchuka zimadzaza msanga. Wobwera pakati pa chaka ngati ife amayenda khomo ndi khomo. Safunsa anadya phula, mawa ndiyamba.

Pobwerera kunali kutada. Pakona ina magalasi a galimoto anali mbwerekete pansi, ongoswedwa kumene. Ndinafulumiza mapazi, foni ili m'kamisolo.

Lachinayi, 13 Malichi, Muizenberg ndi Capricorn

M'mawa ndalowa sukulu ziwiri. Yoyamba, mayi wa muofesi nditamufotokozera za banja lathu anamwetulira mopitiriza muyeso n'kunena kuti iwo alibe vuto, koma mwina ndi bwino mwanayo asamazinene kwa anzake. Ndathokoza n'kutuluka. Yachiwiri, fomu yake inalembedwa kholo loyamba ndi kholo lachiwiri, ndipo kalaliki anangofunsa kuti akadwala mwana aziyamba kuimbira uti. Malo alibe, atilemba pamndandanda wodikira.

Kenako sitima. Ndi zatsopano zabuluu zija, zoyera, tikiti yake pafupifupi R10 mpaka Muizenberg. Njanji imeneyi ya Southern Line ndiyo msana wa zonse zimene ndikuyang'ana: Observatory, Mowbray, Rondebosch, Claremont, Wynberg, mpaka kunyanja. Mkazi wanga alibe galimoto, ndipo mashifiti ake amayamba 7 koloko m'mawa.

Ku Muizenberg nyanja ilipodi, ndipo akuti madzi a mbali ino ya False Bay sazizira ngati a ku Sea Point. Mchenga umalowa m'maso, m'makutu, m'chikwama. Fulati ndaiona ya R12,000, pawindo la kubafa ukasuzumira chammbali nyanja ikuoneka. Lamulo limodzi la kamtsikana kathu likadatheka.

Ndili pamalo okwerera takisi ndinamva kumbuyo kwanga, “Iwe, ndakuuza kuti ndilibe tchenji.” Chichewa chenicheni, cha kunyanja. Ndinatembenuka ndisanaganize. Anali mayi wonenepa bwino, atanyamula majumbo awiri.

“Muli bwanji amayi?”

“Ii! Achemwali, ndinu a kwathu? Tiyeni, tiyeni, musaime pamphepo.”

Sindikudziwa mmene ndinapezekera m'takisi ya ku Capricorn. Ndi dera lothinana pafupi ndi Vrygrond, tsidya la msewu wa Prince George Drive, ndipo Amalawi aliko ambiri, ena olima maluwa m'nyumba za azungu, ena osamala m'nyumba, ena omanga. Mayiyo ndi wa ku Nkhotakota, wakhala kuno zaka 11. M'chipinda chake chimodzi anandiphikira nsima ya ufa wa Iwisa, usipa wobwera ndi matransipota, ndi nkhwani wotendera amene amalima m'matayala kuseri. Ndinadya ngati mwana wamasiye. Ana a oyandikana nawo ankalowa ndi kutuluka, akutukwanana m'Chichewa chosakaniza ndi Chibunu. Ndinaganiza za mwana wanga, amene Chichewa chake chikutha, amene agogo ake akamuimbira amangoyankha kuti eya, eya.

Ndiye funso linabwera, monga limabwerera nthawi zonse.

“Nanga abambo amagwira kuti?”

“Ali ku Joni. Ndi a zachipatala.”

Theka lake ndi loona. Nsima inandiuma m'kamwa.

“Kumudzi ndi kuti?”

“Ku Zomba, cha ku Jali.”

“Aa! Mlamu wanga anakwatira komweko. Dikirani ndimuimbire.”

Mwamwayi foni ya mlamuyo inali yozima. Ndinakhala pampando uja mtima ukugunda m'makutu. Anthu a kuno, ngakhale mkazi wanga amene, amaganiza kuti ndimaopa lamulo la kwathu. Lilipodi: zaka mpaka 14 kwa amuna, zaka 5 kwa akazi kuchokera pamene analiwonjezera mu 2011, ndipo mu Juni chaka chatha khoti linagamula kuti likhalebe. Tonse tikukumbukira za Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza mu 2010, mmene anthu ankadzazira kukhoti ku Blantyre kukaonerera, mpaka Bingu anawakhululukira. Koma wapolisi wa ku Zomba sangandipeze ku Cape Town. Chimene chingandipeze ndi uthenga umodzi wa pa WhatsApp. Amayi anga ndi a Mvano, amakhala kutsogolo Lachinayi lililonse. Ndipo kwathu mwini mbumba ndi malume. Atangonena kuti mwana abwere kumudzi azikaleredwa bwino, palibe pepala la ku Home Affairs limene lingatseke pakamwa pa abale.

Mayi uja anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundipatsa usipa wa m'kajumbo, ndalama anakana. Tinapatsana manambala. Akuti chipinda chikapezeka pafupi andiuza, tizidzapemphera limodzi.

M'sitima ndalira pang'ono. Munthu wandikomera mtima chonchija, ine n'kumunamiza, n'kumamuopanso.

Lachisanu, 14 Malichi, Wynberg ndi Plumstead

Usiku tinakangana pafoni. Mkazi wanga akuti msuweni wake ali ndi nyumba ku Khayelitsha, lendi yake sifika ndi theka la zimene ndikuonazi, tisunge ndalama. Ine ndinatchula Zoliswa Nkonyana, mtsikana wa zaka 19 amene anaphedwa kumeneko mu 2006 chifukwa chokonda akazi anzake, chaka chomwecho chimene lamulo la ukwati wathu linadutsa. Iye anati kumeneko n'kumenenso kuli Funeka Soldaat ndi gulu lake la Free Gender, akazi amene sanathawe, ndipo ndisamalankhule ngati mzungu woopa malokeshoni. Akunena zoona. Koma iwowo ndi kwawo, ali ndi abale msewu uliwonse. Ine ndine mkwerekwere wa mwana mmodzi. Tinagona osatsanzikana.

Wynberg ndi phokoso lokhalokha chakumunsi kwa siteshoni: matakisi, makondakitala amene kuno amati gaatjie akukuwa mayina a madera, Asomali ogulitsa chilichonse, nsalu zotchipa zimene ndaziika kale m'mutu. Kuno n'kumene kunali mzikiti wa Imam Muhsin Hendricks, mtsogoleri wachisilamu amene sankabisa kuti amakonda amuna anzake. Anamuwombera pa 15 Febuluwale pafupi ndi Gqeberha, mwezi sunathe n'komwe. Ndinayenda m'misewu imeneyi ndikuganiza kuti malamulo a dziko lino analetsa tsankho lotere kuyambira 1994, koma munthu amafabe masana.

Ndinagula gatsby, buledi wautali ngati mkono wodzaza tchipisi ndi soseji. Theka lokha R60, ndipo landikanika.

Plumstead ndi masiteshoni awiri kuchoka pa Wynberg. Palibe mbendera, palibe chokopa mlendo. Nyumba zazifupi, mipanda yazifupi, agalu, agogo othirira maluwa. Nyumba imene ndinapita kukaona ndi yogawidwa pakati, mbali ina amakhala mwini wake, gogo wachikaladi amene anagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale yosoka zovala ku Salt River. Ataona zala zanga anadziwiratu ntchito yanga.

Ndinanena mawu anga aja, mtima uli m'mwamba. Gogoyo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Mkazi wakoyo amasuta?”

“Ayi.”

“Mwanayo amaopa agalu?”

“Amawakonda kuposa anthu.”

“Makina ako usamawalize ikakwana 9 koloko usiku. Khomali ndi lopyapyala.”

Nkhani inathera pomwepo. R11,500, dipoziti ya mwezi umodzi, magetsi ogula mayunitsi. Bafa ndi la shawa. Nyanja kulibe.

Cha m'ma 4 ndinakakhala pa bwalo la ana. Amayi awiri olera mwana mmodzi sindinawaone. Ndinaona agogo, abambo awiri atatu, atsikana olera ana a eni, mitundu yonse. Tsidya la msewu wa nyumba ija bambo wina amene galimoto yake ili ndi vesi pagalasi anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kaya ndi khungu, kaya ndi chidwi chabe.

Loweruka, 15 Malichi

Ndabwererako ku Plumstead kawiri, m'mamawa ndi chakumadzulo, kuyeza njira ya kusiteshoni. Mphindi 9 wapansi, magetsi a mumsewu akuyaka onse kupatula limodzi. Bambo wa vesi uja anali akutsuka galimoto. Ndinamupatsa moni dala. Anayankha, n'kundiuza kuti zinyalala amatenga Lachiwiri, ndizitulutsa bini usiku wake. Gogo anali atamuuza kale. Zingati anamuuza, sindinafunse.

Ndawerenga masiteshoni pa mapu a m'sitima. Kuchoka Plumstead kufika Muizenberg ndi asanu ndi atatu. Ndi pafupi mokwanira kuti Loweruka lina ndizipita ndi mwana kukagula usipa, amve anthu akukangana m'chilankhulo cha agogo ake. Ndi patalinso mokwanira kuti wina asangotulukira pakhomo m'mawa n'kuwerenga mapilo pabedi. Ndikuchita manyazi kuti ndayeza anthu akwathu ndi masiteshoni, koma ndi mmene ndayezera.

Obs ikundikokabe chifukwa cha amayi awiri aja ndi sukulu ya fomu yabwino ija. Mkazi wanga, amene tayanjananso, akuti sitima yomweyo imadutsa konse, mwana akapeza malo azikwera naye m'mawa. Ndatumiza dipoziti 3 koloko. Manja ananjenjemera podina.

Madzulo Anti anaphika boeber, mkaka wotsekemera wa sago ndi tizingwe ta vermicelli, umene amamwa Ramadani ikafika pakati. Foni yanga inali patebulo, ndipo inayaka pamene mkazi wanga ankaimba, chithunzi chathu cha ukwati chili poyera, mwana ali pakati. Anti anachiona. Anakhala chete nthawi yaitali, supuni ikuzungulira m'kapu. Kenako anati chipembedzo chake chimanena zake ndipo iye sangazisinthe, koma amene anapha imamu uja adzayankha kwa Mulungu. Anandithirira boeber wina, n'kundifunsa kuti tsitsi la mwanayo amaluka ndani, chifukwa mizere yake ndi yokhota.

Amaluka ndi mkazi wanga. Ndamuuza kale kangapo.

Lamlungu, 16 Malichi, m'basi

Anti wandipakira makoesister asanu ndi limodzi, madonasi a zonunkhira ogubuduza mu kokonati amene kuno amadya Lamlungu m'mawa, ngakhale iye mwini akusala. Awiri ndadya tisanafike Paarl.

Kamtsikana kathu kaimba. Bafa lalikulu lilipo? Ayi. Nyanja? Ya pa sitima. Kanakhala chete, kenako kanafunsa dzina la galu, ndipo ine ndinali nditaiwala kufunsa.

Tikuyandikira Laingsburg, kunja kwayamba kuda. Pa WhatsApp pali uthenga wa mayi wa ku Capricorn, wafika masana. Akufunsa ngati ndayenda bwino, akuti mlamu wake uja wayatsa foni ndipo akufuna adziwe kuti ndine mwana wa ndani ku Jali. Akutinso tikadzafika mu Juni ndidzabwere ndi abambo kutchalitchi, adzawalandire. Ndalemba yankho katatu, katatu konse ndafufuta. Usipa wake uli m'chikwama pamwamba pa mutu wanga, ndipo basi yonse yayamba kununkhiza.